Masamba Awiri Amene Sindinalembe

Chikondi ndi Madalitso, ana anga, za ku Dowa ndakhala ndikukusimbirani mpaka kukutopetsani, koma za zaka zimene ndinagwira kukoleji ndimangodumpha. Tsopano ndapuma pa ntchito ndipo maso anga ayamba kuchita chifunga, ndiye ndati ndizilembe ndikadaona mizere ya m'kope. Dzina la kolejiyo sindilemba, mukulidziwa. Mayina a anthu ndasintha, chifukwa ena akadali moyo.

1984 mpaka 2002

Ntchito ndinayambira pa sukulu ina ya pulayimale ku Dowa, kuphunzitsa Sitandade 3. Patapita zaka ziwiri kunabwera kalata yofuna aphunzitsi oti akaphunzire kuphunzitsa ana osaona, ndipo ahedi analembapo dzina langa osandifunsa n'komwe. Ati poti ndinali ndisanakwatiwe, ndinalibe chondimanga. Ndinapita ndikudandaula, koma kumeneko ndi kumene ndinadziwira bureyilo, zilembo za timadontho totukuka papepala zimene osaona amawerenga ndi nsonga za zala. Ife aphunzitsi oona timaziwerenga ndi maso. Nditamaliza ananditumiza ku Lilongwe, pa sukulu ina imene inali ndi chipinda cha ana osaona. Kuno ndi kumene ndinakumana ndi bambo anu, tinakwatirana n'kukhazikika ku Kawale. Iwo atatisiya mu 2001, ndinatsala ndekha ndi inu awiri, Chikondi ali Fomu 1. Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wa mantha. Chilichonse chokhudza ntchito chinkandidula mtima, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikaterereka ine, tonse tagwa.

Seputembala 2003

Tsiku lina ahedi anandiuza kuti akundifuna kukoleji ina ya mu mzinda momwemu. Ndinakwera minibasi ndikudzifunsa kuti ndalakwa chiyani. Mu ofesi ya a Mbewe, amene anali rejisitara, ndinapezamo anthu awiri atakhala pabenchi: bambo wachikulire wovala kofia, ndi mtsikana wamtali atafunda mpango kumutu, ndodo yoyera ataigwira ndi manja onse awiri. Bamboyo anali Che Saidi, telala wa ku Chinsapo, kwawo ku Mangochi. Mtsikanayo anali mwana wawo Asiyatu. Maso ake anawonongeka ndi chikuku ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

"Amayi, tili pa vuto," anatero a Mbewe ndisanakhale n'komwe. "Mwanayu tinamusankha chifukwa anakhoza bwino kwambiri Fomu 4. Pafomu yathu panalibe pofunsa ngati munthu amaona kapena ayi. Wangotulukira Lolemba ndi ndodo. Ndiye titani naye?"

"Bwana, ndili pompano," anayankha mtsikanayo. "Makutu anga ndi abwinobwino. Mundifunse ineyo."

"Asiyatu, ulemu," anatero bambo ake chapansipansi.

"Pepani, Ababa. Koma afunsa kuti atani nane. Andiphunzitse. Kalata yawo inanena zimenezo."

A Mbewe anandiyang'ana ngati ndine ndamutuma. Maganizo awo anali oti amubweze, akayese ku koleji ina imene inazolowera anthu otere. Koma kalata yomulandira anali atalemba kale ndi chidindo chawo, ndipo Che Saidi anali nayo m'thumba la malaya, ataikulunga mu pulasitiki. Mapeto ake anandipempha kuti ndibwere kudzathandiza, pa mgwirizano wa chaka chimodzi chimodzi. Kuti nditero ndinayenera kusiya ntchito ya boma. Ndinalingalira sabata yathunthu, chakudya osalowa. Malipiro anali abwinopo ndipo inu munkafunika sukulu, koma ntchito ya boma sichotsa munthu chisawawa, pamene iyi chaka chilichonse inkadikira siginecha ya a Mbewe. Ndinavomera, mtima uli m'mwamba.

2004

Anandipatsa kachipinda kamene ankasungiramo matsache ndi mipando yothyoka. Makina olembera bureyilo analipo amodzi okha, akalekale, osiyidwa ndi alendo ena a mpingo. Mapepala ake enieni, okhuthala aja, anatha teremu yoyamba yomwe. Ndikapita kukapempha ena ankandiyankha kuti "tikuona", ndipo mawu amenewo ndinawamva zaka zonse zimene ndinakhala pamenepo. Ndiye ndinayamba kuyenda m'maofesi ndi m'masitolo a mu Old Town kupempha makalendala akale, n'kumawadula ndi lumo kuti tizilemba kumbuyo kwake. Asiyatu ankati akasisita pepala n'kumva kuterera, amafunsa kuti, "Madamu, lero tikuphunzira pa chithunzi cha chiyani?" Ine n'kumuuza kuti ng'ombe, kapena thumba la feteleza. Iye n'kuseka, amvekere, "Basi, mbiri ya Afirika ili pamsana pa ng'ombe."

Ntchito yanga inali yotembenuza. Zolemba za aphunzitsi ndinkaziika mu bureyilo kuti iye awerenge, ndipo zimene iye walemba mu bureyilo ndinkazikopera ndi cholembera kuti aphunzitsi achonge. Mabuku a mu laibulale ndinkamuwerengera mokweza mpaka mawu kusasa. M'kalasi munali zina. Mphunzitsi amalemba pabolodi n'kumati, "ichi mukachifanizira ndi ichi," ndiye Asiyatu amakweza dzanja: "Ichi chiti, bwana?" Anzake ankaseka. Aphunzitsi ena anazolowera n'kuyamba kutchula zimene akulemba, ena ankakwiya. Tinapeza kawailesi ka kaseti kuti azijambula maphunziro, koma a Dokotala Gondwe, amene ankaphunzitsa mbiri yakale, anakana kwamtuwagalu. Anali munthu amene anaona zowawa m'masiku a chipani chimodzi, ndipo anati, "Mawu anga sajambulidwa. Sindidziwa kumene kaseti ikagone."

Chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri chinali ulendo wake. Ku hositelo anati malo adzaza, choncho tsiku lililonse ankachokera ku Chinsapo, kutsika kudepoti, n'kukweranso minibasi ina. Mukudziwa mmene kudepoti kumakhalira: oitanira kukokana, mawilibala, ngalande zosatseka. M'mawa uliwonse ndinkaima pageti kumudikira, ndipo ikangodutsa hafu seveni asanaoneke, ndinkatuluka kukasuzumira kumsewu. Tsiku lina la mvula anafika nthawi ya teni, siketi ili matope okhaokha, bondo likuchucha magazi. Anagwera mu ngalande pamene minibasi inamutsitsa malo achilendo kondakitala osamuuza. Ndinamutsuka bala, iye n'kumandiuza kuti ndifulumire, kalasi yayamba. Madzulo ake ndinakalowa mu ofesi ya a Mbewe nditanyamula thonje la magazi lija m'pepala, ndinaliika patebulo pawo. Teremu yotsatira bedi linapezeka.

Meyi 2005

Mavuto enieni anayamba Asiyatu atachita bwino. Pa mayeso a mbiri yakale anaposa kalasi yonse, ndipo patangopita masiku ochepa ndinaitanidwa ku msonkhano wa aphunzitsi. A Gondwe sanakalipe, analankhula modekha, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka kwambiri.

"Sindikunena kuti mayiwa aba," anatero. "Ndikungofunsa. Pakoleji yonse ino, ndani wina amatha kuwerenga timadonthoti? Palibe. Zolemba zanga amazitembenuza ndi iwo. Mayankho a mwanayu amakopera ndi iwo. Ndiye ine ndikamachonga, ndikuchonga ntchito ya ndani?"

Funsolo silinali lopusa. Ndinangoti ndimakopera liwu ndi liwu, koma mawu anga anatuluka ngati a munthu wolakwa. Anakhazikitsa malamulo atsopano. Mayeso akatha ndizikopera tsiku lomwelo mu ofesi ya rejisitara, kalaliki akundiyang'anira. Ndisaonane ndi Asiyatu mpaka nditamaliza. Mapepala a bureyilo azitsekeredwa m'kabati kuti tsiku lina akafuna akhoza kuwatumiza kwa wina akawaone. Potuluka a Mbewe anandikokera pambali. "Amayi, ndikuuzeni monga mlongo wanga. Kukangomveka kanthu kamodzi, ntchito yanu yathera pomwepo, ndipo akuluakulu anena kuti sitidzatenganso wosaona." Nthawi imeneyo kunali atsikana awiri ku sekondale, amene ndinawaphunzitsa ndekha ali aang'ono, ndipo onse maso a mtima wawo anali pa koleji yomweyi chifukwa anamva za Asiyatu. Kuchokera tsiku limenelo ndinkakopera ngakhale zolakwa zake za kalembedwe. Akaiwala chilembo, inenso ndinkachisiya, dzanja likundiyabwa.

Juni 2007

Tinafika chaka chomaliza. Makina aja anali atatopa. Kachitsulo kokankha pepala kuti upite pa mzere wina kanayamba kuterereka: umadina, kamalira ngati kagwira, koma nthawi zina pepala osasuntha. Ndinalemba makalata atatu kwa a Mbewe kupempha kuti akonzedwe kapena tibwereke ena mayeso asanafike. Iliyonse ndinasunga kope lake, osati chifukwa cha nzeru, koma chizolowezi cha ntchito ya boma. Yankho linali lomwe lija la "tikuona". Mayeso ena onse anadutsa bwino, ine ndikupemphera chamumtima. Otsiriza anali a a Gondwe. Asiyatu anali atalonjezedwa kale malo ophunzitsa pa sekondale ina ya ku Area 25 kuyambira Seputembala, bola zotsatira zituluke bwino. Che Saidi anali atauza kale anthu a ku mzikiti kwawo.

Asiyatu analemba m'mawa, ine ndinalowa mu ofesi cha m'ma thu koloko. Kalaliki anakhala pakona ndi nyuzipepala yake. Funso loyamba ndinakopera bwinobwino, lachiwirinso chimodzimodzi. Nditatembenuza kufika pa lachitatu, limene linali ndi malikisi ambiri kuposa onse, ndinapeza vuto. Masamba awiri, lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi, mizere inali itakwerana. Makina analemba mzere pamwamba pa unzake, kawiri, pena katatu, moti timadontho tinangounjikana ngati mapira otayika. Iye pothamangira nthawi sanabwerere kukasisita zimene walemba. Ndinapendeketsa pepala kuwindo kuti mthunzi undithandize. Ndinatseka maso n'kuyesa ndi zala. Ndinatola mawu apa ndi apo, "migodi", "akazi otsala", "msonkho", koma chiganizo chathunthu ayi.

Funsolo linali la amuna a kuno amene ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, ndi mmene midzi inasinthira iwo atachoka. Ana anga, yankho lake ndinkalidziwa. Zolemba za phunzirolo ndinazitembenuza ndekha. Kuwonjezera apo, sabata yapitayo Asiyatu anandilakatulira yankho la funso lotere lonse, titakhala pansi pa mtengo kuseri kwa laibulale, mpaka anaikamo za agogo ake aamuna amene anapita ku Joni osabwerako. Ndikanatha kulilemba pafupifupi m'mawu ake enieni. M'chipindamo munalibe wina wodziwa bureyilo. Kalaliki akanangoona cholembera chikuyenda.

Ndinakhala nditagwira cholembera nthawi yaitali. Ndinadziuza kuti si kuba, chifukwa mwanayu analembadi, makina ndi amene amulanda. Ndinaganiza za bondo lake lija, za makalendala, za zaka zinayi. Kenako ndinayang'ana kabati imene mapepalawo akatsekeredwe, ndinaganiza za tsiku limene wina adzawatulutse n'kuona kuti pamene ine ndalemba masamba awiri osalala, palibe chowerengeka. Digiri yake adzamulanda, ine adzandichotsa, atsikana awiri aja chitseko chidzawatsekekera. Ndinakumbukiranso funso la a Gondwe. Ndikalemba, ndiye kuti iwo analondola.

"Mwatsala pang'ono, Amayi?" anafunsa kalaliki. "Ndikufuna ndikapeze minibasi anthu asanachuluke."

Ndinalemba mizere iwiri yokha: kuti tsamba lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi sakuwerengeka, chifukwa makina analemba mizere pamwamba pa inzake. Ndinasaina. Anthu ena amene anamva nkhaniyi ananditama kuti ndine wachilungamo. Inu ndikuuzani zoona: mpaka lero sindidziwa ngati chinandigwira dzanja chinali chilungamo kapena mantha.

Ndinapempha kalaliki kuti andiperekeze kwa a Gondwe ndi mapepalawo. Ndinawagwira chala n'kuchiyendetsa pa tsamba labwino, kenako pa lowonongeka. Anamva okha kusiyana kwake.

"Ndamva, Amayi. Koma ine ndichonga zimene zilipo. Wophunzira woona akatayira inki papepala lake, sitimupatsa mwayi wina."

"Cholembera cha wophunzira woona ndi chake, bwana. Makinawa ndi a koleji."

"Zimenezo mukanene kwa akuluakulu. Si za ine."

Asiyatu ndinamupeza ku hositelo akulongedza katundu, akuimba. Anandizindikira ndi mapazi. Nditamufotokozera, anakhala pabedi, manja ali pamiyendo.

"Madamu, yankho lija munalimva. Ndinakuuzani lonse pansi pa mtengo paja."

"Ndinalimva, mwanawe."

"Ndiye?"

"Ndimalemba zoona zokhazokha, zimene zili papepala. Za pansi pa mtengo si za m'mayeso."

"Ndinalilemba!" anakuwa, mpaka atsikana a chipinda china anasuzumira. "Zala zangazi zinalemba, liwu lililonse! Mukunena ngati ndinasiya dala!"

Ndinayesa kumugwira phewa, anandichotsa dzanja. Anati ndituluke, ndipo ndinatuluka.

Loweruka ndinapita ku Chinsapo kuti Che Saidi amve kuchokera pakamwa panga. Ndinawapeza pakhonde la sitolo pamene ankasokera, fumbi la mumsewu likuwomba nsalu zimene anapachika. Anandipatsa mpando, koma phazi silinachoke pa makina. Nditamaliza kulankhula ndi pamene anaimitsa.

"Amayi, ine sukulu sindinapite. Koma munthu akandipatsa malaya, ulusi n'kuduka pakati, sindimubwezera malaya ong'ambika ndi kakalata. Ndimalumikiza. Inu mumadziwa pamene ulusi unadukira, mumadziwanso kumene umapita. Chinakuletsani n'chiyani?"

Ndinawafotokozera za kabati, za malamulo, za ana ena obwera m'mbuyo. Anagwedeza mutu. "Ana enawo ali ndi makolo awo. Ine wanga ndi mmodzi." Anayambanso kupalasa makina. Ndinayenda wapansi mtunda wautali ndisanakumbuke kuti ndiyenera kukwera minibasi.

Ogasiti mpaka Disembala 2007

Zotsatira zinatuluka. Maphunziro ena onse Asiyatu anakhoza bwino, la a Gondwe analephera. Anamulembera kuti akalembe mayeso obwereza, amene ophunzira amati sapu. Vuto la sapu ndi lakuti ngakhale ukhoze chotani, amakupatsa malikisi ongodutsira, ndipo digiri yonse imatsika. Kwa masabata angapo sindinamve chilichonse kuchokera kwa iye. Madalitso, ukukumbukira kuti nthawi imeneyo ndinkapsereza ndiwo kawirikawiri, iwe n'kumafunsa ngati ndikudwala.

Lamulungu lina masana ndinamva ndodo ikugogoda pa geti lathu la malata. Anabwera yekha kuchokera ku Chinsapo, kunyumba kumene anali asanafikeko, akufunsa njira kwa anthu.

"Sindinabwere kudzacheza, Madamu," anatero atakhala. "Ndabwera chifukwa palibe wina wondikopera kalatayi."

Inali kalata yopita kwa akuluakulu a koleji. Anakana sapu. Anati iye sanalephere mayeso, koleji ndi imene inalephera kumupatsa cholembera chogwira ntchito, ndipo ankafuna alembe mayeso atsopano owerengedwa ngati oyamba. Munalibe kupempha chifundo ngakhale pamodzi. Ndikukopera, ndinafika pa chiganizo chonena kuti koleji inachenjezedwa katatu za makinawo, ndipo umboni wake waikidwa kumbuyo kwa kalatayi. Ndinaima.

"Umboni wake uti?"

"Makalata anu aja. Munandiuza kuti munasunga."

Makalatawo ankaloza munthu mmodzi, a Mbewe, amene mu Disembala ankayenera kusainira kuti ndipitirize ntchito. Chikondi anali atangoyamba kumene kosi yake, Madalitso ali Fomu 3. Ndinamuuza kuti andipatse masiku ndiganize.

"Tsiku lija munati mumalemba zoona zokhazokha," anatero. "Izinso ndi zoona. Kapena zoona zanu zimagwira ntchito pa ine ndekha?"

Ndinalowa kuchipinda, ndinatsegula sutikesi, ndinamupatsa makalata onse atatu.

Lachitatu lake a Mbewe anandiitana. Makalata anga anali patebulo pawo. "Awa ndi a mu ofesi, Amayi. Afika bwanji m'manja mwa wophunzira?" Ndinati ndinamupatsa ndine. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndinakutengani ngati mlongo wanga. Pitani." Kuyambira pamenepo tikakumana pakhonde ankayang'ana kumbali. Ndikaona mesenjala akubwera ndi envulopu, ndinkangoti ndi kalata yondichotsa ntchito.

Akuluakulu anachedwa kukumana. Seputembala anadutsa, ndipo sukulu ya ku Area 25 ija inalemba munthu wina. Anzake a Asiyatu analandira madigiri awo iye ali pakhomo ku Chinsapo, akuthandiza bambo ake kupinda nsalu. Akuluakuluwo anatiitana kumapeto kwa Okutobala. Ine ndinangofunsidwa ngati makalatawo ndi anga, ndinavomera. Asiyatu analankhula yekha, ataimirira. Mmodzi wa akuluakuluwo ananena kuti koleji yamuchitira kale zambiri mwachifundo. Iye anayankha kuti, "Bwana, anzanga munawapatsa mipando, bolodi ndi magetsi, ndipo simunati ndi chifundo. Ine ndinapempha makina amodzi ogwira ntchito." Amene anandidabwitsa anali a Gondwe. Anakonza kukhosi n'kunena kuti masambawo anawakhudza ndi chala chawo, ndi owonongekadi, ndipo mayi wokoperayo akanafuna kuwanamiza akanatha, koma sanatero. Anati ali okonzeka kukonza mayeso ena. Sanandiyang'ane polankhula, ndipo sitinakambiranepo za zimenezi mpaka anapuma pa ntchito.

Asiyatu analemba mu Disembala, pa makina obwereka, ndipo koleji inaitanitsa mphunzitsi wina wa bureyilo kuchokera kutali kuti adzaone ngati ndakopera moyenera. Asiyatu anakhoza bwino kwambiri. Za ine, Disembala anatha popanda kalata. Khirisimasi imeneyo ndinakuuzani kuti tingodya nyemba chifukwa nyama yadula, koma chifukwa chenicheni n'chakuti sindinkadziwa ngati Januwale ndidzakhala pa ntchito. Kalata yoti ndipitirize ntchito inafika sukulu itatsegulira kale, mizere itatu, yopanda moni. Ndinagwiranso zaka zina zinayi. Pafomu yofunsira malo anaikapo funso la ulumali, ndipo mwa atsikana awiri aja mmodzi analowa. Makina atsopano anabwera mu 2009.

2008

Asiyatu analandira digiri yake pamodzi ndi a m'mbuyo mwake. Kutatsala tsiku limodzi anandipempha kuti ndimuperekeze mu holo akaone njira. Kukwera pa nsanja panali masitepe asanu ndi awiri, opanda chogwirira. A Mbewe anati asavutike, akuluakulu adzatsika okha kudzamupatsira pansi. Iye anakana. Ndinati ndidzamugwira mkono, anakananso. Tinakwera ndi kutsika kanayi, iye akuwerenga ndi ndodo.

Pa tsikulo ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Atatchula dzina lake holo inakhala chete. Ndinkawerenga naye chamumtima, zikhadabo zitalowa m'chikhatho. Pa sitepe yachisanu anaponda mkanjo wake, thupi linapendekera kutsogolo, ndipo mayi wina pafupi nane anafuula kuti "Mayo!" Ine ndinali nditaimirira kale. Iye anaima, anakweza mkanjowo ndi dzanja lamanzere, anafufuza sitepe ndi ndodo, n'kupitirira. Anthu anaomba m'manja, akazi a ku Chinsapo analulutira, koma ine ndinangokhala pansi.

Panja Che Saidi anandipatsa dzanja, n'kunena kuti, "Zikomo, Amayi," osawonjezera kanthu. Asiyatu anamva mawu anga n'kutembenukira kumene ndinali.

"Madamu, nkhani ija sindinaiiwale. Mwina munalondola, ndimaganiza choncho masiku ena. Koma chaka changa chija palibe amene adzandibwezere."

"Ndikudziwa, mwanawe."

"Chabwino. Bwerani muime uku, wojambula akudikira. Mundikonzere chipewachi, ndikumva ngati chapendama."

Chinali chitapendamadi. Ndinachiwongola, ndinaima kumanzere kwake, bambo ake kumanja. Ndi chithunzi chili pamwamba pa kabati pabalaza paja. Mukachiyang'anitsitsa muona kuti iye akuseka, Che Saidi akuyang'ana kutali, ndipo ine ndagwira m'mphepete mwa mkanjo wake kuti asaupondenso.